Fumbi la Phingo m'Chifuwa cha Agata

Amayi, madzulo ano abale athu akufuna kumufukizanso Agata. Atamufukiza dzulo milomo yake inatuwa ngati phulusa, khosi linafooka, ndinamusolola m'bulangete ali lobodo ngati nsanza yonyowa. Akabwereza lero mwanayu sadzuka, ine ndikudziwa. Ndipo akuti mwafuna zimenezi ndinu. Akuti ndinu mwamugwira pachifuwa.

Mwaona, ndi moni yemwe ndaiwala. Muli bwanji kumeneko, amayi? Kaya kumeneko anthu amadwala, kaya amangokhala, ine sindidziwa. Kuno sitili bwino. Sindichita zija munkatisimbira, zoti polembera abambo ali kumigodi ku Joni munkati tonse tili bwino, pamene mbuzi zafa ndipo denga likudontha. Ine ndilemba mmene zilili.

Agata ndi mdzukulu wanu, uja munamusiya ali m'mimba. Munkandigwira pamimba muli chigonere n'kumati uyu ndi wamkazi, akukankha mwaulemu. Munalondola. Ndinamupatsa dzina lanu la ubatizo, anzanga akundiseka kuti ndi dzina lachikale. Anali atayamba kuyenda chogwira khoma, akaona nkhuku amakuwa kuti kuku. Anali wonenepa, amayi, kusikelo ankachita kumupatsirana. Pano ali kumsana kwangaku, ndikulemba choimirira nditawerama patebulo, chifukwa ndikangomugoneka mpweya ukumuthawa. M'chifuwa mwake mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. Akamakoka mpweya nthiti zikulowa m'kati, ndikuzimva pamsana panga.

Amayi aakulu, akulu anu aja, akhala pakhomo penipeni ndi lichero, akuti akusankha mpunga. Mpungawo unatha kalekale kusankhidwa. Akulondera ine. M'mawa anandiuza kuti, "Iwe, uwapepese mayi ako, akudikira mawu ako." Ndinati pakamwa sindingathe, ndilira, koma mundilole ndilembe. Anavomera, poti sadziwa kuwerenga. Pepalali akuti lilowa m'thumba la matabwa otsala limene adzukulu okumba manda abweze mawa kwa inu. Koma mawa ndi kutali. Ngati mumaona, muziwerenga pompano ndikulemba.

Sindikupepesa ayi. Ndikufuna mumve mmene zinayendera, chifukwa mwina kumeneko nkhaniyi inafika yopindika.

Mukuwakumbukira bambo a Agata, a Filipo, mkamwini wanu wa kumapiri kufupi ndi Nzama. Munayamba kuwakonda ndinu ine ndisanawakonde. Atakukonzerani chitseko chija munati, "Velo, uyu ali ndi ntchito m'manja, usamukane chifukwa cha kufupika." Ndinamvera inu. Chichokereni inu zinthu sizinayende. Chaka choyamba ngalande ya kusikimu inagumuka, madzi anabwera ndi mchenga n'kukwirira mbali yaikulu ya ndime yanu ya mpunga. Chaka chino tinawokera mochedwa, ndipo mpunga utacha mbalame zinadya mmene zinafunira, poti ine ndinali ndi mwana wakhanda, akanaziingitsa ndani? Mbuzi yanu yamawanga inaswa, koma amalume a Damiyano anatenga kamwanako akuti akandisungire, mpaka lero akusungabe. Anthu anasiya kuitanitsa mipando, aliyense akugula ya pulasitiki. A Filipo ankangokhala pakhonde n'kumanola sowo yopanda chodula, abale athu akudutsa n'kumalankhula mokweza kuti mkamwini wanji wosamanga ngakhale khola la nkhunda. Sindikuwaikira kumbuyo. Ndikungonena.

Ndiye anapita ku Lizulu kukathandiza mng'ono wawo kugulitsa mbatatesi. Kumeneko anakumana ndi munthu wina wa tsidya la Mozambiki, dzina lake a Zuze. Anabwerako ndi kathabwa kakuda bii, atakakulunga m'nyuzi ngati kopatulika. Ndinati ka chiyani aka, kopalira mamba a nsomba? Iwo anati, "Seka lero, mawa uziseka uli m'nyumba ya malata."

A Zuzewo anabwera okha panjinga yamoto, atavala magalasi akuda ngakhale kunali mitambo. Anationetsa kanema pafoni. Munali mayi wina wovala diresi lofika pansi, akuimba chinthu chimene anati ndi vayolini. Chili ngati kaligo wa abambo uja, koma cha zingwe zinayi, amachipanira pakhosi ndi chibwano n'kumachikhwekhweza ndi uta, maso atatsinzina. Pansi pa zingwezo pamagona kathabwa kakuda, ndipo zala zimakanikizira zingwe pa kathabwako. Kameneko ndiko a Zuze amagula n'kutumiza kunja. Akuti mtengo wofewa sungachite, zingwe zimaukumba mizere ndipo thukuta la zala limalowa. Pamafunika mtima wa phingo, wakuda wokhawokha, wolimba ngati chitsulo. Ine ndinaganiza za abambo. Kaligo wawo analibe thabwa lililonse, ankangokhudza chingwe ndi zala cham'mbali, koma akaimba pamowa akuluakulu ankapukuta misozi. Awa kuti alire mpaka mtengo uchoke ku Ntcheu.

Miyeso yake ndinailoweza chifukwa inkanenedwa m'nyumba muno kuposa Atate Athu. A Zuze ankayeza ndi lula wa kusukulu. Kathabwa ka vayolini kutalika lula mmodzi, m'lifupi kumutu zala ziwiri, kumunsi zala zitatu, kuchindikala ngati chala chachikulu, poti kunjako amakakapalanso kuti pakati pakhale pokwera ngati mzere wa mbatata. Pali china chokulirapo chimene woimba amachiimika pakati pa miyendo, thabwa lake malula awiri. Ndiye pali chachikulu zedi, chotalika kuposa munthu, woimba amachita kuimirira. Thabwa lake malula atatu, m'lifupi ngati chikhatho. Limeneli ndilo a Zuze ankati akalitchula n'kuvula magalasi. Lisakhale ndi mng'alu, lisakhale ndi mfundo, lisakhale ndi kabowo ka chifukuto, ndipo mnofu woyera wa kunja uja uchoke wonse.

Inu mtengo wa phingo mukuudziwa, amayi. Wopindika, waminga, ukaudula m'kati mwake nthawi zambiri mumakhala mphako. Kuti upeze malula atatu owongoka bwino ndiye mtengowo ukhale woti unaona agogo a agogo athu.

Poyamba a Filipo anakwera m'phiri n'kudula timitengo tating'ono. Anaticheka bwinobwino n'kutiyanika padzuwa pamphasa yanga. Tonse tinang'aluka. A Zuze atabwera anaseka mpaka kugwira njinga yawo. Anati, "Amwene, mwayanika ngati makaka? Ichi si chinangwa!" Anawaphunzitsa kuti nsonga zonse ziwiri aziziviika m'kandulo wosungunula, matabwawo aziuma pang'onopang'ono m'nyumba, pamthunzi. Makandulo anga onse anathera pamenepo. Pochoka anati tating'onoti ali nato tambiri kwawo, iwo akufuna lalitali lija. Anafunsa kuti, "Kuno kulibe mtengo wakale, umene anthu amauopa?" A Filipo anangoyang'ana pansi. Ine ndinali kutsuka makapu a thobwa, ndinayesa ndi macheza.

Mtengo wakale wa phingo m'dera lonse lino unali umodzi, ndipo mukuudziwa chifukwa munausankha nokha. Munati mukandiike pafupi ndi amayi anga, pamtengo wa phingo paja. Tsiku loika maliro adzukulu anadandaula kuti mizu yawathyolera khasu. Poti chiliza sitinathe kumanga, achimwene a Lukasi analemba dzina lanu pakachitini ndi penti wabuluu n'kukhomera pamtengowo ndi msomali, kuti tisadzasokoneze malo.

A Filipo anayamba kudwala mutu Lamulungu lokhalokha. Ife tonse kutchalitchi, mudzi uli zii, iwo kumanda ndi sowo, poti nkhwangwa imamveka patali. Zimenezi ndazidziwa pano. Nthawi imeneyo ndinangoona ngolo yobwereka ikufika ndi udzu wa mpunga, pansi pake pali zipika. A Filipo anati zachokera kuseri kwa phiri. Anatinso ntchitoyi ichitikire m'nyumba, chifukwa a zankhalango akuyendayenda ndipo anthu a m'mudzi muno ndi ansanje. Anatseka chitseko, pawindo anakhomapo thumba. Ndiye kucheka, kupala, kukwecha ndi sandipepa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nyumba ya chipinda chimodzi yomweyi.

Fumbi la phingo si lofanana ndi utuchi wa mitengo ina ija ankapangira zitseko. Ndi losalala ngati ufa woyera, koma lakuda mofiirira, ndipo limanunkhira mokoma mwakuti sungaliope. Linalowa paliponse. M'phala, m'bulangete, m'tsitsi, ngakhale pabere ndinkayamba ndapukuta ndisanayamwitse. Munkandiuza kuti, "Velo, osasesa mwana ali pansi, yamba wamubereka." Ndinawauza a Filipo mawu anu omwewo. Anati ndi masiku ochepa okha, ndipirire. Masana ndinkamutulutsa mwana, koma inali nyengo ya mwera, kunja kukuzizira, ndipo pogona pathu ndi pomwepo. Ndikatembenuka pang'ono ndinkamupeza Agata atakwawira pamulu wa utuchi, akubwira. Anayamba totupa m'khosi ndi m'mikono. Eni akewo manja ankawayabwa, maso ali psu, akamina chimfine chakuda. Kenako mwana anayamba kutsokomola, kenako kulira kwa m'chifuwa kuja.

Kulira kumeneku ine ndikukudziwa, amayi, ndipo inu mukukudziwa kuposa ine. Abambo anabwera nako kuchokera kumigodi. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira mukuwatsamiritsa pathumba la chimanga kuti agone chokhala. Ndikukumbukira kuti m'nyumba mmene muli abambo simunkalola munthu kusonkha moto. Munkaphika panja ngakhale mvula ikugwa, mutafunda thumba kumutu. Alendo osuta fodya munkawathamangitsira pansi pa mango, osaona nkhope. Inu nomwe. Ndiye lero andiuze kuti inuyo mukufuna mwana wobanika aikidwe mu utsi?

Za mtengo ndinazidziwa chonchi. Tsiku lina akucheka chipika chachikulu, sowo inalira moipa n'kuthyoka mano. Anatukwana, natenga pulayala n'kuzula msomali umene unali utamira m'khungwa mpaka kumtima wakuda. Unagwera pafupi ndi phazi langa. Nditautola ndinaona penti wabuluu kumutu kwake. Ndinaufumbata m'dzanja. Ndinati, bambo a Agata, msomali uwu ndi wa achimwene a Lukasi. Iwo osanditembenukira. Ndinati mwadula mtengo wa amayi anga. Anati, "Mtengo ndi mtengo, Velonika. Mayi akowo akuudya? Amoyo ndife." Ndinati mukutero chifukwa manda ake si a kwanu, a kwanu ku Nzama mukanadula? Anaponya sowo pansi nati, "Kanene. Wothamangitsidwa ndine, koma wotsala wopanda mwamuna ndiwe." Ndinafuna kuimbira achimwene, koma foni ya pakhomo pano ndi imodzi ndipo inkagona m'thumba mwawo.

Sizinatenge nthawi. A Gama achikulire aja anamwalira, moti mwina mwakumana nawo kale. Adzukulu atapita kukakumba anapeza chitsa chokwiriridwa ndi masamba, nthambi zaminga zitaunjikidwa pamtumbira panu, dothi litapondedwa mpaka kusalala, kachitini ka dzina lanu kali chafufumimba m'tchire. A Filipo anamva kunong'onezana pasiwa. Anabwera mothamanga, nalongedza matabwa abwino onse m'thumba, namanga panjinga. Anati akukangopereka katundu ku Lizulu, abwera madzulo. Ndi foni yomwe anatenga. Mayi wina wogulitsa tomato akuti anawaona akuwoloka msewu kupita tsidya lina. Inu mukudziwa, pa Lizulu kuchoka m'dziko ndi kungodumpha msewu basi. Mwana wawo anamusiya akutsokomola, sanamugwire n'komwe pamutu.

Mukudziwa chimene anasiya? Tong'aluka tija, tizibenthu, mulu wa utuchi, ndi thabwa lalitali lija la malula atatu. Ndi lowongoka, losalala, ukaliyang'ana umadziona nkhope. Koma pakati pake pali bowo la msomali ndi mzere wa dzimbiri, ndiye a Zuze sakanalitenga. Chimene anakusokonezerani tulo ndi chimenecho, ndipo chilibe ntchito. Latsamira pakhoma apa, ndikuliona.

Atachoka kumanda anthu anabwera kuno onse, amalume a Damiyano patsogolo. Anakankha chitseko n'kuona zonse. Palibe anandifunsa kanthu. Nthawi yomweyo Agata anayamba kutsokomola kosalekeza, mpaka kusanza. Amayi aakulu anagwira pakamwa nati, "Mwamva? Ichi si chifuwa. Ndi Agata wamkulu ameneyu, akufuna mthunzi wake." Azimayi onse anati eee. Ine ndinati ndi fumbi, taonani fumbi lili ponseponse, tiyeni naye kuchipatala ku Boma. Amalume anati, "Iwe mwana wa dzulo, matenda a kumanda akakumana ndi jakisoni mwana amafera pasingano pomwepo. Uyu ndi wa mbumba yathu. Satuluka m'mudzi muno mtengo usanabwerere kwa mwini wake." Ndinati chabwino, bwezani lero lomwe, ndisenza ndekha. Anati kumanda sikulowedwanso mpaka a kwa Gama atameta, ndiye mawa. Podikira mawalo anagwirizana kuti mwana azifukizidwa ndi utuchi wa mtengo womwewo, kuti inu mumve fungo la mtengo wanu pa iye, mumuzindikire kuti ndi wanu, mumusiye.

Kodi inu mpaka mumve fungo kuti mudziwe mdzukulu wanu? Dzina lanu lomwe ali nalo silikukwanira?

Dzulo dzuwa likulowa anabweretsa phale la makala. Anathirapo utuchi wodzaza manja. Amayi aakulu anamuika Agata pamiyendo, ena nawafunditsa bulangete onse awiri. Ine anandigwira mikono ana a amalume, atsikana amene ndinkasamba nawo kumtsinje. Ndinamva mwana akulira, kenako akutsokomola, kenako kulira kunasanduka kakulira kakang'ono ngati ka mbewa. Amayi aakulu nawo akutsokomola m'bulangetemo n'kumati, "Akutuluka, akutuluka, gwirani pansi!" Kenako zii. Ndinaluma mkono wa mmodzi mpaka magazi, ndinakankha phale ndi phazi, ndapsa chala koma ndazindikira lero. Ndinathamangira naye panja n'kumamuuzira kumaso, kumuitana dzina lanu lija. Anakoka mpweya patapita nthawi imene sindifuna kuikumbukira. Ndiye akuti poti ndinasokoneza mwambo, inu mwakwiya koposa, lero abwereze ndipo ine anditsekere kwa amalume mpaka athe.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti amayi aakulu sakuchita mwankhanza. Amamukonda mwanayu. Kadiresi kake ka ubatizo anagula ndi iwo. M'mawa ndinawaona akulira kuseri kwa nkhokwe. Akuopa inu, amayi. Ankakuopani muli moyo, pano ndiye kuposa. Amupha akulira.

Ndayesa. Ndinaitana akazi a akatekisiti pampanda, anati izi ndi za pabanja, akandipempherera. Anzanga a m'kwaya akudutsa chapatali, mitu ili pansi. Anyamata a kabaza a m'mudzi muno onse ndi ana a alongo kapena a akulu a winawake, palibe angandikweze amalume atakana. Achimwene a Lukasi ali ku Boma pa njinga yamoto ya abwana awo, sakudziwa kanthu, mwina pano akuseka ndi anzawo pa siteji. Amalume apita kubwalo kukakamba mlandu wa manda, akuti abwera dzuwa likapendeka.

Tsopano ndikufunseni, ndipo musandione ngati mwana wamwano. Ngati ndinudi, mwalakwitsa khomo. Wodula mtengo mukumudziwa. Ali tsidya lija, mwina akumwa. Inu simufunika chiphaso, pitani mukamugwire pachifuwa iyeyo, mukawagwirenso a Zuze ndi magalasi awo. Pitirirani mpaka kunjako, kwa amene adzaike zala pa mtengo wanu atatsinzina, anthu akuwomba m'manja. Ameneyo sakudziwa kanthu, ndikudziwa, komabe ndikumuda. Koma Agata anadula chiyani? Sowo sangainyamule n'komwe. Dzuwa likukuwotchani kumeneko, inde, ndamva chisoni, ndinalira nditamva za mtumbira wanu. Koma inu munapirira dzuwa la kusikimu moyo wanu wonse chifukwa cha ife. Lero mupha mwana chifukwa cha mthunzi?

Ndipo ngati si inu, mwakhaliranji chete? Mwezi watha amayi aakulu anati munawabwerera kutulo kudzafunsa chitenje chanu cha bungwe la amayi a kutchalitchi chimene anabwereka osabweza. M'mawa mwake anachichapa n'kuchibweretsa. Ndiye pa chitenje mumatha kubwera, koma pa mdzukulu wanu ayi? Anthu akugwiritsa ntchito dzina lanu, amayi. Muli moyo munthu akakunamizirani munkamutsatira mpaka pachitsime, osadikira kuti kuche. Si awo akhala pakhomowo, akuodzera ndi lichero pamiyendo. Simufunika kudikira usiku. Akankheni pompano muwauze kuti si inu.

Munandisiya molawirira. Munandisankhira mwamuna, munasankha mtengo wogonapo, zonse munasankha bwino mmene munaonera, ndiye mwapita. Zotsatira zake zili kumsana kwanga. Ndakwiya nanu, amayi, sindibisa. Koma ndilibe wina womuitana.

Ine ndaganiza chochita. Amayi aakulu akangodzuka kukapala moto, ndidutsa kuseri kwa bafa n'kulowa m'minda ya mpunga, nditsate ngalande mpaka kumsewu. Ndi kutali, chala chapsa chija chikuwawa, ndipo ana a amalume amathamanga kuposa ine. Akandigwira sadzandilolanso kumubereka. Ndikafika kumsewu n'kupeza palibe wondinyamula, ndiye kuti ndangomuchotsa m'nyumba kuti akafere panjira, ndipo mudzi wonse udzati tinanena. Nchifukwa chake ndikuti pitani kwa a Lukasi. Anali mwana wanu wokondedwa, musakane, tonse tinkaona. Akakhala ndi kasitomala amutsitse. Muwasowetse mtendere, mtima uwagunde, aone ngati aiwala kanthu kumudzi, alize njingayo abwere njira ya kusikimu, osati ya kutchalitchi. Tikakumane pamlatho.

Agata akachira, ndikulonjeza, ndidzasenza mpunga ndekha kukagulitsa mpaka ndikumangireni chiliza cha simenti, dzina lanu lilembedwe poti munthu sangalidule ndi sowo. Ndidzabwera naye akadzakula kuti adzakuoneni. Koma akafa lero, sindidzalola kuti agone pafupi nanu, ndipo ine simudzandionanso kumeneko, wamoyo kapena wakufa.

Ndimakukondani, ngakhale lero zikundivuta kunena.

Ndine mwana wanu,
Velonika

Amayi, amalume afika kale, ndamva mawu awo panja. Dzuwa lisanapendeke n'komwe. Akufunsa kuti phale lili kuti. Ndamangitsa nsalu yoberekera mwanayi. Bwerani, amayi, kaya nokha kaya ndi a Lukasi, koma bwerani pompano.